A Overtone ndi Ng'ombe za Azungu

Mu Doha monse munalibe munthu wodana ndi kuyenda ngati a Overtone, mlonda mnzathu wa ku Katete amene tinkalondera naye mashopu ku Msheireb. Ulesi wawo unali wopita kusukulu. Makilomita ankawakana, mtunda ankauyeza ndi mawu a Chingerezi akuti furlong, amene pakamwa pawo ankatuluka kuti "felongi".

"Felongi ndi mzere wa m'munda," ankatero, mimba ili patsogolo. "Azungu akale ankalima ndi ng'ombe. Ikakoka pulawo mzere umodzi, ankaipumitsa. Pomwe yaimapo, felongi yakwana. Ndiye ine ndichepe kwa ng'ombe?"

Ng'ombe ya Mzungu mwina inkapitako patali, koma felongi ya a Overtone inkathera pakhomo lililonse lotulutsa kamphepo kozizira ka m'shopu. Kuchoka nawo pa siteshoni ya sitima ya metro kupita kuntchito kunali kuyesa mtima. Tsiku lina mnzathu Mussa wa ku Mangochi zinamukwana.

"Madala, tachedwa ku duty! Felongi yanuyi bwanji ikufupika daily?"

"Nthaka ya kuno ndi yolimba, mphwanga. Ng'ombe ikutopa msanga."

Chimene ankalakalaka chinali chimodzi basi: ntchito ya pampando. Kampani yathu inkawazungulitsa tsiku lonse, ndipo korona itabwera inawapatsa kamfuti koyezera anthu kutentha, n'kuwaimika pakhomo. Anapita kwa supavaiza kukapempha mpando, ng'ombe zawo zija zili pakamwa.

"Yalla, fulumira ku post!" anakalipa bwanayo. "Ng'ombe ikagwa mwini wake amaluza. Iwe ukagwa ndege ibweretsa wina."

Tinaseka mpaka misozi, ngati kuti ifeyo tinabwera wapansi.

Malamulo atasintha, kuti munthu atha kusintha ntchito osagwadira bwana, a Overtone anathamanga koyamba chibadwire. Anapeza ntchito pageti la nyumba ina ku Al Markhiya, pamthunzi, pali mpando woyera wapulasitiki. Anaujambula n'kumationetsa pafoni ngati chibwenzi.

"Ndikango-finisha notice, khalas, zatha basi. Mudzandipeza nditamera mizu."

Kampani inati notisiyo aigwire yonse, ali chiimire. Sabata yomaliza anayamba kutsokomola. Mafelongi anafupika kwambiri, ndipo ulendo uno ng'ombe sinali kunama. Ambulansi inawatenga, kuchipatala sitinaloledwe kukawaona. Anamwalira asanaulawe mpando uja.

Masiku ano timachoka pa metro mpaka kuntchito osaima, timafika nthawi yabwino, supavaiza akusangalala. Ine zimandiwawa. Njira yonse yangosanduka konkire, palibenso munda.

Dzulo, dzuwa likuswa mtengo, Mussa anangoti njo pakhomo la shopu ina.

"Bwanjinso iwe?" ndinamufunsa.

"Felongi yakwana," anatero, akuyang'ana kumbali.

Ndinaima naye. Tinachedwa tonse awiri, mwadala.