Chidindo Chinali M'thumba Mwanga

Nkhani iyi ndinkaibisa, koma poti Golomoti yense amaidziwa kale, bola muimve kwa mwini wake. Manyazi ake mpaka lero ndimatuluka nawo thukuta!

Chaka chomwe anandisankha kukhala tcheyamani wa komiti ya chitukuko m'mudzi mwathu, vuto lathu linali mlatho. Mvula ikagwa, kamtsinje kathu kankadzaza, ngolo osawoloka, mpunga n'kumangoonongekera kutsidya.

Mlembi wa komiti ya dera lonse, Mayi Nachisale, anandichenjeza: "A Tcheya, kalata yopempha mlatho ifike kwa ife pofika Lachisanu. Ife tiipereka ku khonsolo, khonsolo iitumiza ku unduna. Mukachedwa, pulani ya chaka chino yakudutsani."

Ine kuseka. "Masitepe onsewo a chiyani, mayi? Ine ndikaonana ndi eni ake ku Lilongwe komweko!"

Lolemba ndinavala suti ya paukwati wanga, kalata m'manja. Chidindo cha komiti yathu ndinachiponya m'thumba la jekete, kuti akandikayikira ndikawaonetse kuti sindine munthu wamba. Amayi akunyumba anandiperekeza ndi nthungululu mpaka pasiteji.

Ku unduna bambo wina wa tayi anandilandira mwaulemu. "Pempho labwino ili, bwana. Kodi ladutsa ku khonsolo?"

"Ayi, ndabwera nalo dairekiti!"

"Pepani, yambani mwapita ku Dedza."

Lachitatu ndinali ku Dedza paboma. Kuzizira kwake! Munthu wozolowera kutentha kwa kwathu, mano ankangoombana.

"Kodi yadutsa ku komiti ya dera?" anandifunsa kalaliki.

"Achimwene, kalata iyi yachokera ku Lilongwe!" ndinatero, chifuwa patsogolo.

"Ndiye ikuyenda chobwerera m'mbuyo. Tsikani nayo kwanu."

Lachisanu layandikira, mlatho ukundipulumuka, ndipo mudzi wonse ukudikira ine.

Lachisanu lomwelo ndinafika pamsonkhano wa komiti ya dera uli pafupi kutha, suti itasanduka yofiira ndi fumbi.

"Eee, a Lilongwe afika!" anakuwa Mayi Nachisale. "Mlatho mwausiya panja?"

Kalasi yonse yomwe ankakumaniramo inafa nacho chiseko. Ndinapereka kalata ija. Mayiwo anaitembenuza uku ndi uku.

"Iyi sitingailandire. Sinadutse koyambirira."

Basi ndinapsa mtima. "Nanunso mukundibweza? Ku unduna andibweza, ku khonsolo andibweza! Ndipitenso kwa ndani tsopano? Mutchuleni munthu ameneyo, ndikamuuze mawu!"

"Kwa tcheyamani wa m'mudzi mwanu, akadinde."



Pang'onopang'ono ndinapisa dzanja m'thumba la jekete. Chidindo chija chinali phee, chitaona Lilongwe ndi Dedza osagwira ntchito. Ndinadinda pomwepo, dii! Wina mpaka anagwa pabenchi ndi kuseka.

Koma kalata inalowa, abale! Inakwera masitepe ake onse bwinobwino, ndipo chaka chotsatira mlatho unamangidwa. Lero ngolo za mpunga zimawoloka ngakhale mvula igwe chotani, ndipo ine ndikamadutsapo ndimayenda pang'onopang'ono kuti anthu andione. Chondiwawa n'chimodzi: mlathowo anaupatsa dzina loti Pa Lilongwe.

Musanakwere minibasi kukasaka akuluakulu, yambani mwapisa m'thumba mwanu.