Mowa Wapsa, Achemwali Akadali M'njira

Lolemba
Achemwali a Delfina akubwera kuchokera ku Lisboa, patatha zaka! Amayi akufuna kuwalandira ndi mowa wamasese. Koma masese sadikira munthu, akapsa apsa. Ndiye wonena tsiku ndine, paja ndinaphunzira ku Beira.
Foni m'manja. Lisboa mpaka Maputo: makilomita opitirira zikwi zisanu ndi zitatu, usiku umodzi basi. Maputo mpaka Tete: maora awiri. Kenako shapa, minibasi zathu zija, mpaka kuno ku Domwe. Akanyamuka Lachitatu, Lachinayi madzulo ali pakhomo. Fululani, Amayi!

Lachiwiri
Migolo iwiri, chimera chathiridwa. Ndikufotokozera amalume a Zakariya kuti ndege imadutsa pamwamba pa chipululu osapuma. Iwo: "Nanga ikapeza maliro m'njira, siima?" Ndaseka mpaka misozi.

Lachitatu
Anyamuka! Sindikukhazikika. Ndasesa pabwalo posesa kale. Maso kumwamba, ngati kuti adutsa pano n'kutiponyera katundu.

Lachinayi
Atera ku Maputo. Atera ku Tete. Ndendende monga ndinanenera! Mowanso wapsa, fungo mpaka kumsewu.
Kenako foni: "Ndayamba ndadzera kwa azakhali ku Moatize. Amuna awo anamwalira ndili kunja, ndingadutse bwanji osapepesa?"
Azakhali mlendo samulola kuchoka osagona. Amalume ayamba kulawa.

Lachisanu
Ali pa Ulongwe, pafupi pomwepa! Koma:
amadirinya, amene anawaimira pa ubatizo, apha nkhuku;
mnzawo wa ku sukulu ku Fonte Boa ali ndi khanda, lofunika kuliona;
agogo ake a khandalo nawonso apha nkhuku.
Anthu a m'mudzi abwera kudzatithandiza kudikira. Mgolo woyamba wadikira nawo mpaka watha.

Loweruka
Wachiwiri wayamba kusasa. Amayi: "Si iwe unati usiku umodzi?" Ndikuwaonetsa mapu pafoni. Akuti mapu samwedwa.
Masana foni ina. Shapa yapeza maliro m'njira, womwalirayo ndi apongozi a msuweni wathu, achemwali atsika. Amalume akungondiyang'ana pamwamba pa chipanda.
Amayi alamula kuti umwedwe usanatayike. Ng'oma, nthungululu, fumbi! Mudzi wonse ukuvina kulandira munthu amene palibe.

Lamulungu
Afika. Pa njinga yakabaza, nkhuku ziwiri m'manja, thumba la mbatata kumbuyo. Nyanja ndi chipululu anaziwoloka ali mtulo, koma abale sawolokeka.
Migolo yatsukidwa kale, ili chafufumimba padzuwa. Amalume agona, mutu ukuwawa. Mlendo wa ku Lisboa walandiridwa ndi tiyi.
Akupemerera kapu, akundiyang'ana: "Ndege yobwerera ndi Lamulungu likubwerali. Iwe wodziwa masamu, ndinyamuke liti?"
"Malizani tiyiyo, achemwali. Mwachedwa kale."