Thadzi la Alandilodi Linandidyera Kafukufuku

Mukandiona ndikutafuna nkhuku mwaukali mpaka mafupa, musadabwe. Pali mlandu.

Nthawi imeneyo ndinkaphunzira pa labu ina m'tauni, ndikukhala ku Chilomoni. Ntchito yanga inali yoyesa jelu, wofewa ngati wopaka m'tsitsi, woitana mitsempha ya magazi kuti imere pomwe tikufuna, kuti mnofu wopangira m'labu usafe ukamatidwa pa chilonda. Tinkayesera pa mazira oti muli kale anapiye: kuboola kawindo pa chigoba, kudontheza jelu, kumata selotepi, n'kuwaika m'makina ofungatira. Mazira anga anali atagwira bwino, timitsempha tofiira tikuthamangira ku jelu ngati anthu aona minibasi ya m'mawa. Lolemba ndinkayenera kuwaonetsa kwa aphunzitsi, apo ayi chaka chonse chapita m'madzi.

Loweruka magetsi anazima kulabu, jenereta ilibe dizilo, makina ofungatira n'kuyamba kuzizira. Anzanga anagwira m'mutu. Ine ayi (ndinabadwa ndi nzeru zambiri, vuto langa ndi lomweli). Ndinakulunga mazira mu juzi, ulendo kunyumba. Alandilodi anga, mayi a ku Nsanje, anali ndi thadzi lofungatira kuseri kwa khitchini.

"Mayi, mundibwerekeko nkhuku yanu mpaka Mande."

"Nkhuku amabwereka? Nanga mazira a mabandejiwa avulala kuti?"

"Ndi sayansi, mayi. Ndikudziwa chimene ndikuchita."

"Bola zisakhale zamasalamusi pakhomo panga pano."

Ndinawalowetsa bwinobwino pansi pa thadzi, mawindo ali kumwamba, n'kuchoka ndikudziyamikira ndekha.

Chimene sindinachiganize n'choti nkhuku imatembenuza mazira ake ndi mlomo. M'mawa ndinapeza mawindo ali pansi, selotepi itamata pa nthenga, chisa chonse chitanyowa. Thadzi litalawa zotayikazo linazikonda, n'kuyamba kujompha otsala, kenako ake omwe. Linandiyang'ana ndi diso limodzi, mlomo uli wachikasu, jelu wanga akulendewera. Ndinangokhala pansi pafumbi, misozi ili pafupi.

"Mwaiphunzitsa kudya mazira nkhuku yanga!" anakuwa alandilodi. "Sayansi yake ndi imeneyi?"

Lolemba aphunzitsi anandifunsa za zotsatira. Ndinati zilipo, koma zili m'mimba mwa nkhuku ku Chilomoni. Sanaseke. Ndinabwereza chaka.

Mpaka lero ndimati ganizo linali labwino. Ndinangolakwitsa posankha nkhuku.