Che Sufiyani ndi Mng'alu wa kwa Kalembo

Malemu Che Sufiyani sankaikhulupirira nthaka. Munthu wamkulu ndi ndevu zake, koma poyenda ankanyang'ama ngati pansi pagona mwana wodwala.

Matendawa anawatola m'mapiri a Machinga, zaka zija tinkayenda ndi khadi la chipani m'thumba. Ankasenza zitsulo za azungu oyeza miyala, ndiye mmodzi anawauza kuti makina a kompyuta ku Ulaya apeza kuti chigwa cha Shire chikung'ambika pang'onopang'ono. Anzawo anaseka n'kuiwala. Iwo kunenepa kunathera pomwepo.

Kompyuta yawo anaumba okha: dongo palichero, kuliyanika, kenako kulipana ndi matabwa awiri mpaka lithetheke. Dongolo ndiye linali mudzi: kamwala apa ndi mzikiti, chitsononkho apa ndi nyumba ya apongozi. Kumene mng'alu wadutsa, ankathamangira komweko kukauza eni ake asamuke.

Tsoka lake anali mkamwini kwa Kalembo, ndipo mkamwini wosamanga nyumba ndi mlendo chabe. Akazi awo, Abiti Hassani, anatopa kugona m'khitchini mwa mayi awo. Ananeneratu kuti mvula ikagwa denga palibe, banja latha.

Bambo aja anagwira ntchito usiku ndi usana, maso ali psuu. Anakumba maziko pafupi ndi mango, dongo la palichero linakana. Kuseri kwa khola, linakananso. Mudzi unadzaza maenje, mbuzi ya apongozi n'kuthyokeramo mwendo. Ankhoswe atasonkhana, iwo anatulutsa lichero, n'kupana dongo. Mng'alu unalunjika pachitsononkho.

"Mwaonatu," anatero Che Sufiyani, "mayi athuwa akugona pamalo oipa."

"Iyayi," anayankha apongozi, "amene alibe pogona ndinu."

Mvula inagwa. Anawapatsa mkeka wawo ndi lichero lawo. Sanakane mlandu, sanatukwane munthu. Anangogwada m'matope pamaso pa akazi awo, gulu lonse likuona.

"Abiti, nyumba ndalephera. Koma muzigona chakum'mawa kwa mudzi. Dziko likadzang'ambika, mudzatsalire mbali yanga."

Tinaseka mpaka nthiti kuwawa, ine poyamba.

Anamwalirira kwawo kum'mawa, kutsidya kwa Shire, dziko lisanang'ambike, iwonso asanakwatirenso. Lero kwa Kalembo anthu amangomanga paliponse. Khoma likang'aluka amamata, palibe wobwera ali wefuwefu kudzawaopseza, ndipo masana amatalika. Kanyumba ka Abiti Hassani kali kokhakokha kumapeto kwa mudzi, kum'mawa, kutali ndi chitsime. Mukawafunsa chifukwa chake, amati kumeneko kumapita kamphepo kabwino.