Bizwiki ndi Nambala Yobisa

Mwambi uwu unayamba motere, ndipo mafoni anuwo muyambe mwaika pansi. Iwe Tadala, ndakumva ukunong'ona kuti mwambiwu unalipo mafoni asanabwere. Unalipo iwe? Khala chete, umve.

Ku Lilongwe kunali mnyamata wina dzina lake Bizwiki, wogulitsa nsapato za kaunjika. Pakamwa pake panali pothira shuga. Anafunsira Feliya wa ku Kawale, namulola. Anafunsiranso Dorika wa ku Biwi, nayenso anamulola. Aliyense anamulonjeza ukwati, ndipo kunena zoona Bizwiki sankafuna kutaya ngakhale mmodzi.

Mantha ake anali pa foni. Bwanji wina akaimba iye ali kwa mnzake? Anapita kwa Che Matola, wokonza mafoni mumsika.

"Zazing'ono zimenezo," anatero Che Matola. "Musanalembe nambala, yambani ndi #31#. Kwa winayo foni ilira, koma nambala yanu siioneka. Komatu achimwene, dziwani kuti..."

"Basi, basi, zinazo ndikuzidziwa!"

Sanadikire n'komwe. Anasunga manambala a atsikana onse awiri ali ndi kachizindikiro kaja kutsogolo, kuti asamavutike. Kwa Feliya anati, "Ntchito yanga ndi yachinsinsi, nambala sitipereka." Kwa Dorika ananena zomwezo, osasintha ndi liwu limodzi. Ulesi wake unafika mpaka pa bodza! Akakhala pa bawo ankadzitama: "Ine ndili ndi mapanga awiri. Mvula ikagwa ku Biwi, ndithawira ku Kawale."

Tsiku lina masana anatchena suti yobwereka, ulendo wa kwa Feliya. Ali m'njira, kumwamba kunada bii, mvula n'kuyamba. Anathamangira kwa Feliya, n'kupeza geti lokhoma. Anatulutsa foni, koma mayunitsi anali ongokwana kuflasha.

"Palibe vuto, andiimbira yekha."

Anaflasha. Zii. Anaflashanso. Zii. Nanga munthu angabweze bwanji foni kwa nambala yosaoneka? Zimenezi ndi zomwe Che Matola ankafuna kumuuza. Koma Bizwiki, mutu ngati dzungu, anangoti, "Feliya wayamba matama. Ndapita kuphanga lina."

Liwiro la ku Biwi, matope mpaka m'mawondo. Kumenekonso loko ali lende. Anaflasha Dorika. Zii. Anabwerera ku Kawale. Apa n'kuti akuflasha mosinthanasinthana, uyu kamodzi, uyo kamodzi, suti itamatirira pathupi.

Tsono tsoka silinunkha. Atsikana aja, osadziwana n'komwe, anali atausa mvula mu saluni imodzi. Foni ya Feliya inati liri, n'kuduka. Ya Dorika liri, n'kuduka. Kenaka ya Feliya.

"Asisi, akukuvutitsani ndani?" anafunsa Dorika.

"Ndi bwenzi langa. Ndikanamuimbira, koma nambala yake siioneka. Amagwira ntchito yachinsinsi."

"Iii, wanganso! Kapena ali ofesi imodzi? Wanga ndi wamfupi, ali ndi mpata kumano."

Feliya anamuyang'ana. "Amanunkhira polishi wa nsapato?"

Mayi wa saluni anazimitsa choumitsira tsitsi kuti amve bwino.

Mvula itayamba kuchepa, Bizwiki anali tsonga pa geti la Feliya, akunjenjemera ngati nkhuku yogwera m'chitsime. Foni nayo inali itamwa madzi, yazima. Potukula maso anaona ambulera imodzi ikubwera, pansi pake miyendo inayi.

"Mwaswera bwanji, bwana achinsinsi?" anatero Feliya.

"Fe... Do... ndikhoza kufotokoza."

"Musavutike," anatero Dorika. "Mutiflashe, tikuimbirani."

Analowa onse awiri, geti n'kuti phwa! Mkati munamveka kuseka ndi kulira kwa masupuni m'makapu a tiyi. Ine ndinamumvera chisoni mwana uja, koma ndinaseka mpaka nthiti kuwawa.

Anayenda wapansi mpaka kumsika, madzi akuchucha m'matumba. A pa bawo atamuona anaimitsa masewera. Che Matola anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kufunsa mwaulemu wonse:

"Achimwene, mwausa kuphanga liti, la ku Biwi kapena la ku Kawale?"

Bizwiki anayetsemula, nafinya tayi, n'kuyankha ndi mawu a chimfine:

"Mapanga awiri avumbwitsa."