Wakumetani Ndani?

Mpaka lero atsibweni a amuna anga, a Kamwendo, akandiona amayamba agwira pakamwa asanandipatse moni. Ana anga amaganiza kuti ndi ulemu wachikale. Si ulemu ayi.

Ndinali nditangokwatiwa kumene, ndikugwira ntchito yotaipa pa ofesi ina pa boma la Mwanza. Ine ndinakulira ku Blantyre, ndipo tsiku la chilangizo changa ndinamva zochepa (nsapato zinkandithina, nzeru zonse zinali kumapazi). Mwa zomwe zinandidutsa panali mwambo uwu: kwawo kwa amuna anga ku Kanduku, mkazi wapabanja sadzimeta yekha. Lumo ndi la mwamuna. Kaya ndi m'khwapa, kaya kwina kosatchula, amameta ndi mwini wake, ndipo akapeza pometedwa iye asanagwirepo, funso limakhala limodzi: wakumetani ndani? Mabanja ankatha ndi funso limeneli.

Nthawiyo bambo akunyumba anali ku maphunziro a zaulimi ku Zomba, ndipo amayi a pa boma tinkakonzekera gule wolandirira akuluakulu a chipani. Zokana kunalibe. Anandiika mzere wakutsogolo, bulauzi ya manja aafupi, nyimbo yake yokweza manja m'mwamba. Tikupuma, mnzanga wina anandinong'oneza, "Asisi, m'khwapamo mwadzala chiyani, mapira?"

Ndinayamba ndi njira ya makolo yozula ndi phulusa lofunda. Nditazula pang'ono misozi inatsika, ndipo ndinaona kuti makolowo anali anthu olimba mtima kuposa ine. Basi ndinapita kwa mayi Zuze, amene ankagulitsa tinthu tobwera ndi malole a ku Halale. Ananditulutsira kachubu ka mankhwala oyera ngati otsukira mano.

"Mungopaka, mudikire pang'ono, mupukute," anatero. "Azungu onse amatero, mwaonapo mzungu akuvutika ndi phulusa?"

Masana a Loweruka ndinapaka mbali zonse ziwiri, mowolowa manja. Ndisanadikire pang'ono paja, ndinamva odi. Anali apongozi anga, dengu la mtedza pamutu, ayenda pansi kuchokera ku Kanduku. Ndinaponya bulauzi pathupi, kuwalandira dengu, kuyala mkeka, n'kugwada.

Amene muli ndi apongozi mukudziwa kuti moni wawo sadulidwa. Anandifotokozera za mwendo wawo, za achemwali awo, za mbuzi imene inabereka mapasa, za wina amene anabwereka khasu osabweza. Ine ndikungoti "zikomo, zikomo," uku m'khwapa mwanga mwayamba kunyerenyetsa, kenako kuyabwa, kenako ngati wina waikamo makala.

Apongozi ananunkhiza m'mwamba. "Kodi mukuwaula nkhuku?"

"Iyayi amayi, kapena ndi kwa aneba."

Pamene ankafika pa nkhani ya maliro a kutsidya, nkhukuyo inali itapsa. Nditathawira kubafa n'kupukuta, tsitsi linachoka lonse monga analonjezera mayi Zuze (pamenepo sindiwanamizira), koma linatengako ndi khungu lomwe.

Gule ndinavina ndithu. Manja m'mwamba ndi mmene ndinkapezerako bwino, moti sindinawatsitse ngakhale nyimbo itatha, ndipo amayi otitsogolera anandiyamikira pagulu kuti ndine chitsanzo. Kunyumba ndinkayenda mikono ili tambalale ngati nkhuku ya m'chilimwe. Apongozi, mwa chifundo chawo, anati andipake mafuta a nsatsi. Atakweza mkono wanga anayang'ana nthawi yaitali, anautsitsa bwinobwino, ndipo m'mawa mwake ananyamuka osamwa ndi tiyi yemwe.

Amuna anga pobwera anadzera kumudzi. Anafika ndi amayi awo, a Kamwendo, ndi nkhoswe yanga imene anaiitanitsa ku Blantyre. Iwo eni sanandiyang'ane kumaso. Apa ndiye ndinachita mantha enieni, chifukwa munthuyo ndinkamukonda, ndipo ndinaona kuti akhoza kundisiya.

A Kamwendo anali munthu wa ndevu zapamlomo zotchuka, zopotedwa nsonga, zimene anabwera nazo ku migodi ya ku Joni. Anazisisita, nati, "Mayi, mwana wathu anali ku Zomba, lumo lake lili m'sutikesi. Wakumetani ndani?"

Ndinabweretsa kachubu kaja n'kufotokoza. A Kamwendo anakatembenuza, kukanunkhiza, n'kuseka.

"Ine ndayenda, mayi. Joni ndikumudziwa ngati kuseri kwa nyumba yanga. Mafuta ometa munthu opanda lumo sindinawaonepo. Mukufuna kutipusitsa ngati ana?"

Asanayankhe wina aliyense anafinya mankhwalawo pachala n'kudzipaka mbali imodzi ya ndevu zija. Kenako anayamba kulangiza za akazi a m'tauni. Ine ndinkadziwa bwino zimene zinali kuchitika pansi pa mphuno yawo, koma mtengwa sadula mawu atsibweni, ndipo kunena zoona sindinayesetse kwenikweni. Analankhula za ulemu. Analankhula za masukulu amene akuononga ana aakazi. Maso anayamba kufiira, mlomo kunjenjemera, koma anapitirira mpaka anamaliza mfundo yawo.

"Mwaona? Palibe chachitika," anatero, akupukuta ndi mpango.

Ndevu za mbali imeneyo zinatsala pampangopo.

Woyamba kuphulika anali amuna anga, mpaka kugwa pampando, ndipo poseka paja anandiyang'ana koyamba chibwerereni. Ndinadziwa kuti banja langa lapulumuka. A Kamwendo anagamula dzanja lili pakamwa: mlandu palibe, koma mtengwa aphunzire kudikira mwini lumo. Mbali yotsala ija anaimeta okha madzulo omwewo (akazi awo akuti anawafunsa funso lomwe lija atafika kumudzi).

Kudikira ndinaphunzira, ngakhale kuti amuna anga amameta ngati akusosa m'munda. Kachubu kaja analanda ndi apongozi. Anakakulunga m'kansalu, nati zinthu zotere n'zoononga mabanja, akakataya okha m'chimbudzi.

Patapita mwezi anabweranso ndi mtedza. Nditagwada kuti ndiwapatse moni, ndinaona kuti tindevu tawo tapachibwano, timene anakhala nato kuyambira ndisanabadwe, tasowa. Apongozi aamuna anamwalira kalekale. Funso lija linafika pakamwa penipeni, koma ndinangowafunsa za mbuzi ya mapasa.