Chimbalangondo cha Kuchigayo

Lolemba
Aphunzitsi a bayoloje akuti Lachisanu aliyense afanizire nyama ziwiri zoyamwitsa pamaso pa kalasi. Wolephera akatchetcha bwalo la mpira. Anzanga akhala awiriawiri, atenga mbuzi ndi ng'ombe. Ine ndekha, zotsala: kalulu wa ku Amereka wa mchira ngati thonje, ndi chimbalangondo choyera cha kumadzi oundana. Kuno ku Golomoti, kumene firizesi amasungunuka usanamuboole.

Lachiwiri
Buku likuti chimbalangondocho:
chachikulu
ubweya woyera, khungu lakuda
chimayenda chokha
chimakonda nyama.
Awatu ndi malume Lenadi akamaweruka kuchigayo, ufa mpaka m'nsidze. Ndikawaimika kutsogolo, kalulu pambali, chikwanje sindichigwira.

Lachitatu
Malume avomera. "Bola asandifunse masamu." Kalulu ndabwereka wa amayi, eni ake sakudziwa. Mchira wake ndi wotuwa, ndiye ndamatapo thonje ndi ulimbo. Watembenuka n'kuyamba kulitafuna. Ndamata lina. Ndakamusungitsa kwa malume kuti amayi asaone.

Lachinayi
Magetsi azima kuyambira m'mawa. Chigayo chili zii. Malume asamba, ali bii ngati ine ndemwe. Ndikupempha ufa pang'ono kunyumba. Amayi: "Ufa wachiyani? Kodi kalulu wanga wamuona?" Ndikuwerenga malata akudenga.

Lachisanu
Magetsi sanabwerebe. Malume alowa m'kalasi atavala jekete yakutchalitchi, atadzola mafuta, nkhope ili waliwali. M'manja mulibe kanthu. Ndikuwanong'oneza za kalulu. Iwo mokweza, akutokosa m'mano: "Si unati chimbalangondo chimadya nyama, mphwanga? Ndimakonzekera." Kalasi yonse yagwera pamadesiki. Aphunzitsi apukuta misozi, andilozera kumene kumakhala zikwanje.

Loweruka
Ndikutchetcha. Dzuwa likuwotcha mpaka m'mafupa. Magetsi abwera! Madzulo malume akudutsa panjinga, oyera mbuu kuyambira kumutu mpaka kuzala, chimbalangondo chenicheni. Akundibayibitsa.

Lamulungu
Amayi apeza thonje la ulimbo pakhomo pa khola. Ndaulula zonse. "Alongo anga sangachite zimenezo," atero, ndipo ndiwo zanga lero ndi mchere. Malume adya nafe, awonjezera kawiri.
Kufanana kwa nyama ziwirizi: zonse zimayamwitsa, zonse zili ndi ubweya.
Kusiyana: imodzi ikadalipo.
Buku likuti kalulu ameneyu ndi chimbalangondo sizikumana. Wolembayo sanafikepo ku Golomoti.
Bwalo latsala theka. Mawa chikwanje.